Chiyankhulo, Zipani ndi Ubale ndi Maiko Akunja: Kuunika Buku la Noah Webster la 1789

1. Mau Oyamba

Akatswiri okonza ndondomeko za ziyankhulo amakonda kutchula dziko la United States of America ngati chitsanzo cha mtundu umene unalandira ufulu wodzilamulira nkusiya chiyankhulo chake kuti chiziyenda chokha, popanda bungwe la boma lochiyang'anira. Amatchulanso Noah Webster (1758-1843) ngati mphunzitsi amene, mwa khama lake yekha, anapatsa mtunduwo kalembedwe kosiyana ndi ka ku England. Mfundo ziwirizi sizabodza ayi, koma zikanenedwa zokha zimachititsa wowerenga kuganiza kuti nkhani ya chiyankhulo m'dzikomo inali patali ndi ndale. Zolembedwa za nthawiyo zikusonyeza kuti sizinali choncho.

M'pepala lino tiunika buku la Webster lotchedwa Dissertations on the English Language, limene linasindikizidwa ku Boston mu 1789, chaka chimene George Washington analumbiritsidwa kukhala pulezidenti woyamba. Tiliwerenga pamodzi ndi mbiri ya boma latsopanolo, kubadwa kwa zipani, ndi mkangano wa ubale ndi maiko akunja kuyambira 1789 mpaka 1801. Ganizo lathu ndi lakuti Webster anaona bwino kuti kusankha muyeso wa chiyankhulo ndi mbali ya kudzilamulira, koma anamanga dongosolo lake pa chikhulupiriro chakuti mtundu watsopanowo unali ndi mtima umodzi ndi kayankhulidwe kamodzi. Zipani zitabadwa chikhulupirirocho chinagwa, ndipo zochepa zimene zinatsala za dongosololo zinapulumuka chifukwa cha sukulu ndi malonda a mabuku.

2. Nthawi Imene Bukuli Linalembedwa

Nkhondo yomenyera ufulu itatha ndi pangano la ku Paris mu 1783, zigawo 13 za dzikolo zinali zomangidwa pamodzi ndi luzi lofooka. Pansi pa mgwirizano wotchedwa Articles of Confederation, nyumba ya malamulo ya Congress inalibe mphamvu yokhometsa msonkho kapena yoyendetsa malonda ndi maiko akunja, ndipo chigawo chilichonse chinali ngati dziko palokha. Webster, amene anabadwira ku Connecticut nkuphunzira ku Yale, anamva kuwawa kwa zimenezi m'thumba mwake. Mu 1783 anatulutsa buku lophunzitsira ana kuwerenga ndi kulemba mau, ndipo popeza panalibe lamulo limodzi loteteza eni mabuku m'dziko lonse, anayenda chigawo ndi chigawo kupempha aphungu kuti akhazikitse lamulo lotero, kuopa kuti osindikiza angamamudyere thukuta lake. Nzosadabwitsa tsono kuti mu 1785 analemba kabuku kotchedwa Sketches of American Policy kopempha boma lapakati lamphamvu, ndi kuti mu 1787 analembanso kabuku kena koikira kumbuyo malamulo atsopano oyendetsera dziko amene anakonzedwa ku Philadelphia chaka chomwecho.

Pano wophunzira ziyankhulo ayenera kuima kaye pa liu lakuti federal. Chisanafike chaka cha 1787 liuli linkanena za mgwirizano wa zigawo zodziimira pazokha, ndiye kuti dongosolo lakale lomwe lija. Koma anthu amene ankafuna kusamutsira mphamvu ku boma lapakati ndiwo anathamangira kulitenga nkudzitcha Federalists, ndipo otsutsana nawo, amene ankateteza mphamvu za zigawo, anatsala ndi dzina lokana lakuti Anti-Federalists, limene ambiri a iwo sanalikonde. Motero mkangano woyamba wa ndale m'dzikomo unayamba ndi kulandana dzina. Womasulira m'Chichewa nayenso ali ndi vuto lake, pakuti liu lathu lakuti chitaganya limakumbutsa zowawa za 1953 mpaka 1963, pamene kwa Webster liu la Chingerezilo linali lonyaditsa. Chifukwa chake m'pepala lino tilisiya monga liliri.

Pa 23 Julayi 1788 mzinda wa New York unachita chionetsero chachikulu chothandizira malamulo atsopanowo. Pakati pa amisiri ndi amalonda amene anayenda pamdipiti panali kabungwe kotchedwa Philological Society, kamene Webster anali membala wake, ndipo kananyamula buku lolembedwa mau onena za chiyankhulo cha federal. Kabungweko sikanakhalitse, koma chithunzi chimenechi chikutithandiza kuona kuti m'maganizo a Webster chiyankhulo chimodzi ndi boma lapakati limodzi zinali ntchito imodzi.

Sanali iye woyamba kulumikiza chiyankhulo ndi ulemu wa dziko. Mu Sepitembala 1780 John Adams, ali ku Amsterdam kukafunafuna ngongole ndi ubale wa Adatchi, analembera Congress kalata yopempha kuti ikhazikitse bungwe lokonza ndi kusamalira Chingerezi, monga France inachitira pokhazikitsa Académie française mu 1635. Maganizo ake anali a kazembe amene anaona momwe Chifalansa chinkakwezera France pakati pa maiko a ku Ulaya. Congress sinachitepo kanthu. Malamulo a 1787 nawonso satchula chiyankhulo cha boma, monganso satchula zipani. Zinthu ziwiri zimene malamulowo anakhalapo chete ndizo zidzakumana m'nkhani yathuyi.

3. Zimene Bukuli Likunena

Bukuli linachokera m'nkhani zimene Webster anakamba m'mizinda yosiyanasiyana mu 1785 ndi 1786. Lili ndi mitu isanu, ndiponso mau oonjezera kumapeto onena za kukonza kalembedwe. Analipereka mwaulemu kwa Benjamin Franklin, amene mu 1768 anali atakonza alifabeti yakeyake yochotsa malembo c, j, q, w, x ndi y ndi kuikamo malembo 6 atsopano. Mfundo zake zikuluzikulu tingaziike m'magulu anai.

Choyamba, mtundu wodzilamulira uyenera kukhala ndi dongosolo lake pa chiyankhulo monga uli nalo pa boma. Britain ali kutali kwambiri kuti akhale chitsanzo, ndipo malinga ndi Webster, olemba a kumeneko anali atayamba kale kuononga chiyankhulo chawo.

Chachiwiri, muyeso wa kayankhulidwe koyenera uchokere pa chizolowezi cha mtundu wonse, ndipo pamene chizolowezicho chagawanika, chigamulo chichokere pa kufanana kwa kapangidwe ka mau. Bwalo la mfumu ndi nyumba za zisudzo za ku London zisakhale ndi ulamuliro pa nkhaniyi. Apa akudzudzula Samuel Johnson, mlembi wa mtanthauziramau wa 1755, Robert Lowth, mlembi wa buku la malamulo a chiyankhulo la 1762, ndi Thomas Sheridan, mphunzitsi wa katchulidwe.

Chachitatu, kusiyana kwa katchulidwe pakati pa zigawo kumabala kusekana, kusekana nkubala kunyozana, ndipo kunyozana kumasokoneza umodzi wa ndale. Mankhwala ake ndi sukulu ndi mabuku ofanana m'dziko lonse.

Chachinai, kalembedwe kakonzedwe pochotsa malembo osamveka, kuti bread azilembedwa bred, give azilembedwa giv, ndipo friend azilembedwa frend. Phindu lake, kuonjezera pa kufewetsa maphunziro a ana, ndi lakuti mabuku onse adzayenera kusindikizidwa m'dziko momwemo, popeza a ku England sadzalola kalembedwe kameneka. Pamwamba pa zonsezi Webster akulosera kuti m'kupita kwa nthawi chiyankhulo cha ku America chidzasiyana ndi cha ku England monga Chidatchi, Chidanishi ndi Chiswidishi zimasiyanira ndi Chijeremani.

4. Mphamvu za Bukuli

Tisanalidzudzule tiyenera kulipatsa bukuli ulemu umene likuyenera. Webster anamvetsera ndi khutu lake momwe anthu ankayankhulira, chinthu chimene olemba malamulo a chiyankhulo a nthawi yake sankachita kawirikawiri. Anaona kuti malamulo ambiri a Lowth anali obwereka ku Chilatini ndipo sankagwirizana ndi kapangidwe ka Chingerezi. M'zolemba zake za malamulo a chiyankhulo anafika mpaka poikira kumbuyo you was ponena za munthu mmodzi, chifukwa ndi momwe anthu ambiri ankanenera. Anayesanso kufotokoza kakokedwe ka mau ka anthu a ku New England poyang'ana kakhalidwe kawo: kumene kulibe mabwana ambiri olamula antchito, anthu amazolowera kupereka maganizo mokaikira ndi molangiza, ndipo chizolowezicho chimamveka m'kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mau. Kaya tivomereze kufotokozaku kapena ayi, funso lake ndi lomwe akatswiri a chiyankhulo ndi chikhalidwe anadzayamba kufunsa mwadongosolo patapita zaka zoposa 150.

Mphamvu yachiwiri ndi yakuti anazindikira kuti muyeso wa chiyankhulo umayenda ndi chuma. Dziko limene ana ake amawerenga mabuku osindikizidwa kunja limagula muyeso wake kunja komweko. Lamulo loteteza eni mabuku limene Congress inakhazikitsa mu Meyi 1790 linateteza kwa zaka 14 zolemba za nzika ndi za anthu okhala m'dzikomo, koma linasiya mabuku a alendo opanda chitetezo. Lamuloli silitchula chiyankhulo paliponse, komabe linathandiza buku la ana la Webster kuposa momwe bungwe lililonse la akatswiri likanachitira.

5. Zofooka za Bukuli

Chofooka choyamba chili pa maziko enieni. Chizolowezi cha mtundu wonse chimene Webster akuchiika pampando wachifumu palibe amene anachiyeza. Tikatsata zigamulo zake chimodzichimodzi tipeza kuti kawirikawiri zikupendekera ku New England kumene iye anakulira. Akuteteza kutchula deaf ngati mau ofanana kamvekedwe ndi leaf. Akudzudzula a ku Virginia chifukwa chomeza lembo r. Akukana kutchula t wa m'mau onga nature ndi virtue ngati tch, ponena kuti ndi matama a m'zisudzo, chikhalirecho katchulidwe kameneko ndi kamene kanadzapambana ku America komweko. Nzoona kuti amadzudzulanso anzake a ku New England pa zina, koma munthu wamba amene akumuyamikira m'bukuli ndi mlimi wa kumeneko, mwini munda wake, wodziwa kuwerenga Baibulo ndi nyuzipepala. Muyeso umene ukutchedwa wa onse uli ndi mudzi wake ndi mpingo wake.

Chachiwiri, pali anthu ambiri amene muyesowu sunawawerengere. Kalembera woyamba wa 1790 anapeza anthu pafupifupi 3.9 miliyoni, ndipo mwa amenewa pafupifupi 700,000 anali akapolo. Ku Pennsylvania pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali wochokera ku mabanja a Chijeremani, ku New York ndi ku New Jersey Chidatchi chinali chikumvekabe, ndipo eni nthaka anali ndi ziyankhulo zawo zambirimbiri. Webster analemba kabuku kotsutsa ukapolo mu 1793, choncho sitikumunena za kuuma mtima. Tikunena kuti mtundu umene akuufotokoza m'buku la 1789 ndi wocheperapo kuposa mtundu umene unalipo. Funso la ziyankhulo zina linafika ndithu ku Congress. Mu 1794 Ajeremani a ku Virginia anapempha kuti malamulo azisindikizidwanso m'chiyankhulo chawo, nkhaniyo inakambidwa mu Januwale 1795, ndipo pempholo silinaphule kanthu. Pamenepa mpamene panachokera nthano yabodza ija yakuti Chijeremani chinatsala pang'ono kukhala chiyankhulo cha boma.

Chachitatu, mitu isanu ya bukuli ikutsutsana ndi mau oonjezera a kumapeto. M'mitu chizolowezi cha anthu ndicho mfumu. Kumapeto mlembi akufuna kuti anthu asiye kalembedwe kamene anazolowera atsate kamene palibe ndi mmodzi yemwe amene ankakagwiritsa ntchito. Iye mwini atayesa kalembedweko m'buku lake la 1790, A Collection of Essays and Fugitiv Writings, owerenga anamuseka, ndipo ngakhale abwenzi ake sanamutsate.

Chachinai, ulosi wa kupatukana kwa ziyankhulo sunakwaniritsidwe, ndipo chifukwa chake chikutilowetsa m'nkhani ya ubale ndi maiko akunja. Chidatchi ndi Chijeremani zinapatukana pa nthawi imene anthu ambiri sankawerenga. America wa 1789 ankagula katundu wake wambiri ku Britain, mabuku ndi nyuzipepala zomwe, ndipo msonkho wa padoko wa katundu ameneyo ndiwo unali ndalama zenizeni za boma latsopanolo. Dziko silikanadula mtsempha umenewu popanda kudzipweteka.

Za magwero a mau sitinenapo zambiri. William Jones anali atafotokoza kale mu 1786 za ubale wa Chisansikiriti, Chigiriki ndi Chilatini, koma Webster sanatsate njira imeneyo mpaka imfa yake, ndipo zimene analemba pa magwero a mau zinadzakonzedwanso ndi katswiri wa Chijeremani C. A. F. Mahn m'mtanthauziramau wa 1864.

6. Kubadwa kwa Zipani ndi Nkhondo ya Mau

Umodzi umene bukuli likudalira sunathe ngakhale zaka zinai. M'nduna za Washington, Alexander Hamilton wa zachuma anafuna kuti boma lapakati litenge ngongole za nkhondo za zigawo ndi kukhazikitsa banki ya dziko, imene inavomerezedwa mu 1791. Thomas Jefferson, nduna yoona za maiko akunja, pamodzi ndi James Madison, anaona zimenezi ngati njira yobwezeretsera ulamuliro wa olemera wonga wa ku Britain. Mbali iliyonse inapeza nyuzipepala yake: Gazette of the United States ya John Fenno kumbali ya Hamilton, ndi National Gazette ya Philip Freneau, yoyamba mu 1791, kumbali ya Jefferson.

Chimene chinasandutsa mkangano wa nduna kukhala zipani za m'misewu ndi nkhondo ya ku Ulaya. Mfumu Louis XVI inaphedwa mu Januwale 1793, ndipo mwezi wotsatira France inayamba nkhondo ndi Britain. America anali womangidwa ndi pangano la 1778 ndi France, bwenzi limene linamuthandiza kupeza ufulu, koma malonda ake anali ndi Britain. Pa 22 Epulo 1793 Washington analengeza kuti dzikolo silidzalowa nkhondoyo. Nzochititsa chidwi kwa ife kuti chikalata chimene mbiri imachitcha Proclamation of Neutrality chilibe liu lakuti neutrality m'kati mwake. Analipewa dala, makamaka chifukwa cha Jefferson, amene sanafune kuti pangano ndi France lioneke ngati latayidwa. Kazembe wa France, Edmond-Charles Genêt, anafika ku Charleston mwezi womwewo nkuyamba kukonza zombo zolanda katundu wa Angerezi, ndipo m'mizinda munabadwa timabungwe ta ndale tokonda France, timene Washington anatidzudzula poyera mu Novembala 1794.

Kuyambira pamenepo maina a ndale anasanduka zida. A Federalist ankatcha anzawo Jacobins ndi democrats, ndipo liu lachiwirili pa nthawiyo linali chipongwe, lonena za munthu wofuna ulamuliro wa chigulu. A Republican, monga otsatira Jefferson ankadzitchulira, ankabwezera ndi monocrats ndi Anglomen. Mbali iliyonse inkadziona ngati mtundu weniweni nkumatcha inzake faction, kagulu kodzikonda kogulitsa dziko kwa alendo. Chingerezi cha ndale cha nthawiyo chinalibe liu laulemu lonena za chipani chotsutsa chovomerezeka.

Webster sanaonerere patali. Mu Disembala 1793, mothandizidwa ndi atsogoleri a Federalist, anayambitsa American Minerva, nyuzipepala yotuluka tsiku ndi tsiku ku New York. Mu 1794 analemba kabuku kodzudzula nkhanza za kusintha kwa boma ku France. John Jay atasaina pangano ndi Britain mu Novembala 1794, limene nyumba ya Senate inalivomereza mu Juni 1795 ndi mavoti 20 kwa 10, anthu anakwiya nkumatentha zifanizo za Jay m'misewu, koma Webster analiteteza m'nkhani zingapo pa dzina lobisalira lakuti Curtius. Munthu amene mu 1789 ankafuna kuti ngakhale kalembedwe kakhale mpanda pakati pa America ndi Britain, mu 1795 anali mmodzi mwa oikira kumbuyo kwambiri ubale wa malonda ndi Britain yemweyo. Tingathe kumuteteza ponena kuti m'zonse ziwiri ankafuna dziko loima palokha, losakokedwa ndi mlendo aliyense. Koma owerenga a nthawi yake sankamuonanso ngati mphunzitsi wa mtundu wonse. Anali mkonzi wa nyuzipepala ya chipani.

Uthenga wotsazika wa Washington, umene unasindikizidwa ku Philadelphia pa 19 Sepitembala 1796 ndipo Hamilton anathandiza kwambiri kuulemba, unachenjeza za mzimu wa chipani ndi za kukonda kapena kudana ndi dziko lina mopitirira muyeso. Uthengawu ndi buku la Webster ndi ana a mimba imodzi, pakuti zonse ziwiri zikuona kusiyana maganizo ngati matenda. Ndipo zonse ziwiri zinagwa m'dzenje limodzi: a Republican anauwerenga uthengawo ngati chida chothandizira John Adams pa chisankho cha chaka chomwecho. Ubale ndi France utaipa mu 1798, Congress ya a Federalist inakhazikitsa malamulo otchedwa Alien and Sedition Acts. Limodzi linakweza zaka zodikira unzika kuchoka pa 5 kufika pa 14; lina linapereka chilango kwa olemba zonyoza boma, ndipo phungu wa ku Vermont, Matthew Lyon, anamangidwa miyezi inai. Lamulo limeneli la boma lapakati lokhudza mau a anthu linali lowatseka pakamwa.

Tsono mu Juni 1800, chaka cha chisankho chowawa chimene chinabweretsa Jefferson pampando mu Marichi 1801, Webster analengeza kuti akukonza mtanthauziramau wa chiyankhulo cha ku America. Apa mpamene tikuona bwino zimene zipani zinachita ku dongosolo lake. A Federalist anzake, makamaka mkonzi Joseph Dennie, anamuseka kwambiri, chifukwa kwa iwo kulowetsa mau a anthu wamba m'buku kunali kubweretsa chisokonezo cha ku France m'chiyankhulo, ndipo Chingerezi cha ku London chinali linga lotchinjiriza mwambo. A Republican, amene mfundo zawo zinali pafupi ndi za buku la 1789, anamusekanso m'nyuzipepala yawo ya Aurora, chifukwa anali wa chipani china. Jefferson mwini wake ankakonda kupanga mau atsopano, ndipo mneni wakuti belittle amadziwika kuti anayamba kuoneka m'zolemba zake. Komabe m'kalata yake kwa Madison mu 1801 anamuchepsa Webster ngati kamphunzitsi kodzala ndi tsankho la chipani. Palibe mbali imene inayeza mfundo za chiyankhulo pa zokha. Walira mvula walira matope: amene anamangirira chiyankhulo ku ndale za mtundu analandira ndale zonse, zipani zomwe.

7. Zimene Zinapulumuka

Chiyankhulo cha federal chinafa, koma buku la ana lija silinafe. Pa dzina lakuti The American Spelling Book, ndipo kuyambira 1829 The Elementary Spelling Book, linagulidwa mamiliyoni ambiri m'zigawo za Federalist ndi za Republican zomwe, chifukwa linali lotsika mtengo ndipo linkaphunzitsa mwana kugawa mau m'maphatikizo mosavuta. Mtanthauziramau wamng'ono unatuluka mu 1806, ndipo waukulu, An American Dictionary of the English Language, wa mau pafupifupi 70,000, unatuluka mu 1828. Zosintha zimene zinakhazikika ndi zazing'ono: honor m'malo mwa honour, center m'malo mwa centre, defense m'malo mwa defence, traveled m'malo mwa travelled. Zambiri mwa izi sanazipeke iye. Zinalipo kale ngati kalembedwe kachiwiri m'Chingerezi, iye anangosankha. Zimene zinali zachilendo kwenikweni, monga tung m'malo mwa tongue, anthu anazikana.

Webster wa 1828 anali atasintha. Anamalizira ntchitoyo ku Cambridge, ku England, mu 1825, ndipo m'mau oyamba a bukulo akuvomereza kuti thunthu la chiyankhulo ndi limodzi m'maiko awiriwo ndi kuti nkwabwino kusunga kufananako. Chifukwa chimene akupereka chofunira mtanthauziramau wa ku America ndi chakuti mau onga congress, senate ndi court ali ndi tanthauzo lina pansi pa boma lina. Mfundo imeneyi ndi yocheperapo poiyerekeza ndi ya 1789, koma ndi yolimba, ndipo ndi imene yapirira. Boma lapakati linakhala lopanda chiyankhulo cholengezedwa mpaka mu Marichi 2025, pamene pulezidenti anasaina chikalata cholengeza Chingerezi, ndipo ngakhale pamenepo nkhaniyo inabwera ngati mfundo ya mbali imodzi ya ndale.

8. Mau Omaliza

Dziko lathu linatsata njira imene Adams anapempha nkukanidwa. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa 1968 unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 nkutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994 bungwelo linathetsedwa, ndipo mu 1996 Centre for Language Studies inatenga malo ake. Ku Zambia chiyankhulo chomwechi chinasunga dzina lake lakale, ndipo malamulo a 1977 amalemba c pamene ife timalemba ch. Malire a dziko analowa m'kalembedwe, monga Webster ankafunira kwawo. Njira za maiko awiriwa, America ndi Malawi, nzosiyana, koma tikaziika pamodzi zikutiphunzitsa zinthu zitatu.

Choyamba, wokonza ndondomeko akanena za chizolowezi cha anthu onse afunsidwe kuti anayeza kuti, anafunsa yani, ndipo anasiya yani. Popanda kafukufuku wa m'madera, muyeso umakhala kayankhulidwe ka kwawo kwa woukonzayo, ndipo osiyidwa aja amadziwa.

Chachiwiri, mfundo ya chiyankhulo imene yamangiriridwa ku chipani imaweruzidwa pamodzi ndi chipanicho. Adani ake adzaikana ngakhale ili yabwino, ndipo abwenzi ake adzaitaya ndale zikatembenuka, monga Dennie ndi anzake anamutayira Webster mu 1800.

Chachitatu, chimene chimakhalitsa ndi chimene chalowa m'buku la mwana wa sukulu pa mtengo umene kholo lingathe, ndipo chimakhalitsa ngati sichili patali ndi zimene anthu anazolowera. Kalembedwe ka Chichewa Board kakugwirabe ntchito m'sukulu zathu ngakhale bungwelo linatha, pa chifukwa chomwe honor ndi center zinakhazikikira ku America.

Buku la 1789 liyenera kuwerengedwa ndi aliyense wogwira ntchito yokonza ndondomeko za ziyankhulo. Mfundo zake pa katchulidwe ndi pa magwero a mau zinatha ntchito kalekale, koma likutisonyeza momveka bwino munthu wanzeru, wokonda dziko lake, akulemba ngati kuti mtundu wake sudzagawanika, patangotsala zaka zinai kuti iye mwini akhale mkonzi wa nyuzipepala ya chipani. Ndondomeko imene ife tikonza iyenera kulembedwa poyembekezera kuti boma lidzasintha, ndi kuti amene akuitsutsa lero adzakhala ndi mphamvu yoisunga kapena kuitaya.